Ulendo wa ku Borobudur: momwe mungakonzekerere komanso momwe mungayendere mukafika pakachisipo

Borobudur ndi kachisi wa Abuda wamkulu kuposa onse padziko pano, ali ku Indonesia pa chilumba cha Java, ndipo choyamba choti mudziwe musanaononge ndalama zanu nchoti kachisi ameneyu alibe mkati. Palibe chitseko choti mulowe, palibe mabenchi, palibe denga. Ndi kaphiri komwe anthu anakakuta ndi miyala pafupifupi 2 miliyoni cha m'ma 800, nthawi ya mafumu a banja la Sailendra, opanda simenti, miyala yongolumana yokha, ndipo anamumanga kuti munthu aziyenda momuzungulira akukwera pang'onopang'ono uku akuwerenga nkhani zosemedwa m'makoma. Anthu ambiri amangothamangira pamwamba, ajambulitse, atsike, basi ulendo watha, zomwe ine zimandiwawa ndithu chifukwa munthu wachokera kutali chonchi nde nkusiya zenizenizo osaziona. Malangizo ndalemba apawa onse akuloza kumeneko, kuti nthawi yochepa yomwe adzakupatseni pamwambapo mudzaigwiritse bwino.

1. Sankhani mwezi

Apa sipovuta kwa ife. Java ili kumwera kwa equator ngati kwathu konkuno nde nyengo zake zimayendera limodzi ndi zathu, mvula imayamba cha mu Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, chilimwe chimayambira Meyi mpaka Okutobala. Pitani chilimwe. Koma musayembekezere kuzizira kwa Juni ayi, kumeneko kumatentha chaka chonse ndipo ndi kutentha kwachinyezi, thukuta lake losauma. Pewani masabata a Eid, iwo amati Lebaran, chifukwa dziko lonse limakhala lili pa ulendo, sitima ndi mahotela zimadzaza. Palinso chikondwerero cha Waisak pa mwezi wathunthu wa mu Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni pomwe Abuda amakumbukira kubadwa, kuunikiridwa ndi kumwalira kwa Buddha, amayenda mdipiti kuchokera ku kachisi wa Mendut mpaka ku Borobudur ndipo usiku amaulutsa nyali zapepala m'mwamba. Nzokongola koma anthu amachuluka kwabasi ndipo kukwera kachisi kumatha kutsekedwa, nde ngati cholinga chanu ndi kuona zosemasema sankhani sabata ina.

2. Mapepala ndi ndalama

Pasipoti ikhale yoti yatsala ndi miyezi 6 kapena kuposa isanathe, kuwerengera tsiku lomwe mukulowa m'dzikomo. Za viza, lowani nokha pa webusaiti ya boma ya Immigration ya Indonesia muone zomwe pasipoti yanu ikufunika, ya Malawi, ya Zambia, ya Mozambique kapena ya komwe mukukhala, malamulo ake sali ofanana ndipo akhala akusinthasintha kuchokera nthawi ya Covid. Musadalire zomwe ananena mnzanu amene anapita zaka zapitazo. Tengani tiketi yobwerera yosindikiza papepala, komanso kadi lachikasu la yellow fever likhale mu pasipotimo makamaka ngati mukudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi, kuli bwino kukhala nalo osafunsidwa.

Ndalama yawo ndi rupiah, maziro ake ndi ambiri nde musadzidzimuke. Pepala lalikulu ndi la 100,000, lofiirira, ndipo silikwana ngakhale madola 10. Nkhani ya forex mukuidziwa kale momwe imavutira kwathu, yambani kuthamangathamanga ku banki miyezi ingapo ulendo usanafike, funsaninso ngati kadi lanu lidzagwire ntchito kunja komanso ngati lingalipire pa intaneti, chifukwa tiketi ya kachisi mudzaigulira pa intaneti. Madola akhale atsopano, osang'ambika osalembedwalembedwa, osintha ndalama kumeneko amakana okutha.

Ichi ndichinene mosabisa. Musanyamulire munthu aliyense katundu, kaya ndi m'bale wa kutchalitchi kaya ndi amene wakugulirani tiketi. Malamulo a Indonesia pa mankhwala osokoneza bongo ndi ouma zedi, chamba chili momwemo, ndipo ozembetsa amatha kulandira chilango cha imfa, anthu ochokera ku Africa anaphedwapo kale kumeneko pa milandu yotereyi. Chikwama chanu mulongeze nokha.

3. Njira yake

Ndege yachindunji palibe. Mukanyamuka pa KIA kapena pa Chileka mudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kenako Doha, Dubai, Singapore kapena Kuala Lumpur, nkufika ku Jakarta, ndi ulendo woti umatha tsiku ndi usiku mwinanso kuposa. Mzinda omwe mukufuna ndi Yogyakarta, eni ake amangoti Jogja, ndipo kuchoka ku Jakarta mutha kukwera ndege ya ola limodzi ndi pang'ono kapena sitima yochokera pa siteshoni ya Gambir yomwe imatenga maola 6 mpaka 8. Ine ndingasankhe sitima ya masana, ndi yaukhondo, imasunga nthawi, ndipo mumapita mukuona minda ya mpunga mpaka kukafika. Mukasankha ndege dziwani kuti bwalo latsopano la YIA lili kutali ndi tauni, ku Kulon Progo, pali kasitima kochokera pabwalo pomwepo kukafika pa siteshoni ya Tugu pakati pa tauni.

Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola 5 kuyerekeza ndi yathu, nde musaike tsiku la kachisi mawa lake mutangofika, thupi limakhala lisanabwerere. Gonani kaye, pakapita masiku awiri kapena atatu ndi pomwe mupite. Gulani adaputa ya mano awiri ozungulira chifukwa mapulagi athu a mano atatu salowa m'masoketi awo. Ikani apu ya Grab kapena Gojek mu foni, ndi zomwe aliyense amaitanira galimoto kapena njinga yamoto ndipo mtengo umaoneka musanakwere. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu.

Borobudur ali m'boma la Magelang, makilomita 40 kuchokera ku Jogja, ola limodzi kapena limodzi ndi theka malinga ndi kuchuluka kwa magalimoto. Mutha kugona ku Jogja nkulawira, koma maganizo anga ngoti mugone usiku umodzi kumudzi kwa Borobudur konko, kuli tinyumba togona alendo totchipa tambiri, mmawa mumangodzuka nkuyenda osada nkhawa ndi msewu.

4. Tiketi, apa nde pomwe anthu amalakwitsa

Matiketi alipo mitundu iwiri. Ina ndi yongolowera mu paki, mumafika patsinde pa kachisi, kumuzungulira pansi, kujambula, koma osakwera. Inayo ndi yokwerera kachisi weniweniyo, pa webusaiti amailemba kuti temple structure kapena naik candi. Mukufuna yachiwiriyi. Munthu wodutsa nyanja yonse ija nkukagula yoyambayo chifukwa choti yatchipirako pang'ono wadzimana yekha.

Kale aliyense amangokwera mmene afunira, masiku a holide anthu masauzande ambirimbiri pa tsiku, mpaka miyala ya masitepe inayamba kuperepeseka ndi nsapato. Atatseka nthawi ya Covid sanatsegulenso mwachisawawa. Mu 2022 boma linaganiza zokweza mtengo kufika madola 100 kwa alendo akunja ndi 750,000 rupiah kwa eni dziko, anthu anakwiya nde anazisiya, m'malo mwake mu 2023 anatsegula ndi malire a anthu 1,200 pa tsiku, 150 pa ola, gulu lililonse ndi gaidi wake. Chiwerengerochi amatha kuchisintha koma mfundo yake ndi yomweyo, malo ndi owerengeka ndipo mumasankha ola lanu pogula. Mtengo wa mlendo wakunja m'zaka zimenezi wakhala pakati pa 400,000 ndi 500,000 rupiah, tingoti madola 30. Gulani pa webusaiti yovomerezeka ya pakiyo masiku angapo tsiku lanu lisanafike, onaninso ngati tsikulo akukweza anthu chifukwa pali masiku omwe amatseka kuti akonze miyala. Sankhani ola loyambirira lenileni. Ikamakwana 10 koloko miyala ija yatentha, pamwamba palibe mthunzi ngakhale pang'ono, ndipo mutu sukhalanso pa zosemasema, umangofuna madzi. Tiketiyo ijambuleni screenshot kuti netiweki ikavuta pageti musasowe chooneka.

5. Zovala ndi zonyamula

Valani zophimba mapewa ndi maondo, amuna ndi akazi omwe. Amayi chitenje chimathandiza kwambiri, kumangirira pamwamba pa thalauza kapena kufunda dzuwa likawawa, koma chimangeni chokwezeka pang'ono chifukwa masitepe ake ndi aatali, ena ofika pafupi ndi bondo, chitenje chofika kuakakolo chingakupinganitseni. Chipewa, madzi, ambulera yaying'ono, basi. Chikwama chachikulu chisiyeni kogona. Chakudya, fodya ndi drone saloleza pamwamba.

Nsapato musavutike nazo chifukwa mukavula. Musanakwere amakupatsani masandasi otchedwa upanat, olukidwa ndi masamba a pandan, pansi pofewa, ndipo m'malo mwa lamba wa pakati pa zala ali ndi kachitsotso ka chigoba cha kokonati komwe mumakapana ndi chala chachikulu ndi chinzake. Anawapanga potengera nsapato zomwe zinasemedwa pa mwala umodzi wa pakachisi pomwepo, amaluka ndi anthu a m'midzi yozungulira, ndipo cholinga chake nchoti miyala isamadyeke. Mphindi zoyambirira amavuta, kachitsotso kaja kamaluma ndipo phazi limafuna kutsetsereka, nde yendaniyendani nawo pansi kaye musanayambe masitepe. Osavala masokosi wamba chifukwa chala sichigwira. Nsapato zanu mumaika mu kachikwama kansalu komwe amakupatsani, ndipo masandasiwo ndi anu, mumapita nawo kwanu.

6. Funso lomwe ambiri amaopa kufunsa

Ena mumtima mukuti kodi ine Mkhristu, ine Msilamu, kukaponda pa kachisi wa Abuda sikulakwa? Chikumbumtima ndi chanu, ine sindingakuyankhireni. Chomwe ndingakuuzeni nchoti palibe amene adzakuuzeni kuti mugwade, mufukize kapena mupereke nsembe. Anthu okhala mozungulira Borobudur ambiri ndi Asilamu, magaidi ambiri ndi Asilamu, muli pamwamba pomwepo mumamva adhana kuchokera m'mizikiti ya m'midzi, ndipo iwowa ndi amene akusamala malowa monga chuma cha makolo awo. Inu mukupita ngati mlendo. Chomwe chikufunika ndi ulemu basi, chifukwa kwa anthu ena omwe mudzakumane nawo pamenepo awa ndi malo opatulika ndipo ena asunga ndalama zaka kuti adzafikepo.

Nde mukaona amonke ovala mikanjo yachikasu kapena anthu akhala phee akusinkhasinkha, tsitsani mawu, dutsani kumbuyo kwawo, osawaika kamera kumaso osapempha. Amayi musapereke mkono kwa mmonke, ambiri mwa iwo lamulo lawo silola kukhudzana ndi mkazi, kuweramitsa mutu pang'ono kwakwana. Popereka kapena polandira chinthu gwiritsani dzanja lamanja, izi nde tinazolowera kale.

7. Musanakwere, zungulirani pansi

Fikani msanga, mphindi 30 kapena kuposa ola lanu lisanakwane, chifukwa pali kulembetsa, kulandira kalamba ka padzanja ndi masandasi, ndi kamtunda koyenda kukafika pakachisi. Mukamayandikira imani kaye patali mumuone yense. Mbali iliyonse ndi mamita 123, kutalika pafupifupi mamita 35, nsanja 9 zosanjikizana, 6 za makona anayi pansi, 3 zozungulira pamwamba, kenako stupa yaikulu, chimango chamiyala chooneka ngati belu, pakati penipeni. Kachisiyu amamugawa patatu monga mwa chiphunzitso chawo, pansi ndi Kamadhatu, dziko la zilakolako, pakati ndi Rupadhatu pomwe munthu wayamba kuzigonjetsa koma akadali womangika ku zooneka, pamwamba ndi Arupadhatu pomwe zooneka zatha. Mukadziwa izi kukwera kuja kumakhala ndi tanthauzo, mumamvetsa chifukwa chake pansi pali piringupiringu wa zithunzi pomwe pamwamba palibe ngakhale chimodzi.

Pitani pa kona ya kumwera chakummawa. Tsinde lenileni la kachisiyu linakwiriridwa ndi omanga eni akewo ndi khoma lina la miyala, ndipo linadziwika mu 1885 pomwe Yzerman, katswiri wa ku Netherlands, anapeza kuti kuseri kwake kuli zithunzi 160 zosemedwa. Anazijambula zonse nkuzitsekanso, lero zochepa zokha ndi zomwe zimaoneka pa kona imeneyi. Nkhani yake ndi ya karma, chochita ndi chotsatira chake, mbali imodzi munthu akuchita miseche, akupha nyama kapena akuthandiza osauka, mbali inayo zomwe zamugwera. Gaidi akakhala pa changu amadumpha pamenepa, mupempheni, kapena mubwerepo mukatsika poti pansi palibe okuthamangitsani.

8. Kukwera kwenikweni

Yambirani masitepe akummawa, mukafika pa nsanja yoyamba khoterani kumanzere kuti kachisi akhale kudzanja lanu lamanja, muziyenda mmene imayendera mivi ya wotchi. Amati pradaksina, ndipo si mwambo chabe, nkhani zinasemedwa motsatana mbali imeneyo nde mukalowera kwina mukuwerenga buku kuyambira kumapeto. Mukhala mukuyenda mu kanjira kopapatiza, khoma uku khoma uku, zonse zodzaza zithunzi mizere iwiri iwiri, kunja simukuonako, thambo lokha. Zosemasema zonse pakachisiyu zilipo 2,672, mwa izo 1,460 ndi zofotokoza nkhani, zinazo nzokongoletsa, ndipo woti azungulire tinjira tonse bwinobwino ayenda makilomita angapo. Inu muli ndi ola limodzi kapena limodzi ndi theka. Simungamalize, nde sankhani.

Langizo langa lalikulu ndi ili, nthawi yambiri ithereni pa nsanja yoyamba. Muuzeni gaidi poyamba pomwe kuti mukufuna kuzungulira nsanja yoyamba yonse, chifukwa ambiri amangoonetsa zithunzi zingapo za pafupi ndi masitepe nkukwera poganiza kuti alendo akufuna pamwamba. Khoma la kumanja kwanu mzere wapamwamba uli ndi zithunzi 120 za moyo wa Buddha, amazitcha Lalitavistara. Muona mayi ake, mfumukazi Maya, atagona akulota njovu, muona kubadwa kwake m'munda wa Lumbini mayiyo atagwira nthambi ya mtengo, kenako mwana wa mfumu Siddhartha, yemwe ndi Buddha yemweyo asanaunikiridwe, akukula m'nyumba yachifumu osadziwa mavuto mpaka tsiku lomwe anatuluka nkukumana ndi nkhalamba, wodwala, maliro ndi munthu wosiya zadziko. Pali chithunzi chomwe akudzimeta tsitsi ndi lupanga atathawa kwawo usiku pa kavalo, pali pomwe wakhala pansi pa mtengo akuyesedwa ndi Mara, mzimu woipa wa mu chiphunzitso chawo, ndi ana ake aakazi, nkumalizira ulaliki wake oyamba ku munda wa agwape kufupi ndi Benares ku India. Mukawerengako nkhaniyi pang'ono musananyamuke muzizindikira nokha chithunzi ndi chithunzi, ndipo kukoma kwake nkosiyana ndi kungouzidwa.

Khoma la kumanzere lili ndi nthano za Jataka, za miyoyo yomwe Abuda amakhulupirira kuti Buddha anakhalapo kale, nthawi zina ngati nyama. Muli anyani, njovu, agwape, akamba, ndipo muli kalulu, koma si kalulu wathu wa m'nthano uja wopusitsa afisi ndi anjovu, uyu anasowa chopatsa mlendo wanjala nde anadziponya yekha pamoto kuti mlendoyo adye. Funsani gaidi akuonetseni.

Ndipo musangoona anthu akuluakulu a pakati pa chithunzi, yang'anani m'mphepete. Muli mlimi akulima ndi ng'ombe ziwiri, amayi atasenza mitsuko, oumba mbiya, oimba ng'oma ndi zitoliro, sing'anga akusisita wodwala, nyumba zokwezeka pa mizati, mitengo ya nthochi, mango ndi jakifuruti yoti mutha kuizindikira ndi masamba ake, agologolo m'nthambi. Osemawo anaika moyo wa ku Java wa nthawi yawo mmenemo, zaka 1,200 zapitazo, ndipo mwala wake ndi wa chiphalaphala, wokhakhala, koma zala za ovina zinatuluka zopindika bwinobwino.

Chimodzi choti musachiphonye ndi ngalawa. Pa nsanja yoyamba yomweyi, mzere wapansi, pali zombo zosemedwa, chodziwika kwambiri chili mbali ya kumpoto, chombo cha matanga chokhala ndi mitengo yotchinjiriza m'mbali kuti chisagubuduke, amalinyero ali kalikiliki ena akwera pa mlongoti. Zombo zotere ndi zomwe zinkadutsa nyanja ya Indian Ocean kubwera mbali yathu ino, nchifukwa chake chilankhulo cha ku Madagascar chili pachibale ndi zilankhulo za ku Indonesia. Mu 2003 anapanga chombo chenicheni potengera chithunzi chimenechi motsogozedwa ndi Philip Beale wa ku Britain, anachitcha Samudra Raksa, chinanyamuka ku Jakarta kudzera ku Madagascar ndi Cape Town mpaka kukafika ku Ghana mu 2004. Chombocho anachisunga mu myuziyamu mu paki momwemo, mukatsika funsani ngati ndi yotsegula mukachione.

Nsanja zotsatirazo zili ndi nkhani yaitali ya mnyamata Sudhana amene ankayenda kwa aphunzitsi osiyanasiyana kufunafuna nzeru. Zithunzi zake zimafananafanana, munthu wakhala pansi akumvetsera, nde apa mutha kufulumirako. Koma kwezani maso muone ziboliboli za Buddha zomwe zakhala m'timapanga pamwamba pa makoma, zilipo 432, ndipo manja ake amasintha malinga ndi mbali. Kummawa dzanja likukhudza pansi, kumwera ndi lotambasula ngati akupereka, kumadzulo manja ali pamiyendo akusinkhasinkha, kumpoto dzanja lakwezedwa kutanthauza kuti musaope. Mukasokonezeka kuti muli mbali iti onani manjawo. Muonanso kuti zambiri zilibe mitu. Ina inagwa yokha, koma yambiri inadulidwa nkugulitsidwa nthawi ya atsamunda, ili m'mamyuziyamu a ku Ulaya, ndipo mu 1896 mfumu Chulalongkorn ya ku Siam, komwe pano ndi Thailand, inaloledwa kutenga ngolo 8 za zosemasema kupita nazo kwawo.

9. Pamwamba

Mukatuluka m'tinjira topapatiza tija zonse zimangotseguka kamodzi, makoma atha, zithunzi zatha, mphepo ikukuombani. Pali ma stupa 72 ooneka ngati mabelu, oboolaboola, atazungulira m'mizere itatu, 32, 24 ndi 16, ndipo mkati mwa iliyonse munaikidwa Buddha wokhala pansi, mukasuzumira pa kabowo mumamuona mu mdima. Angapo anawasiya osavundikira kuti anthu aone, pamenepo nde pamakhala mzere wojambulitsa. Kukacha bwino kummawa mumaona mapiri ophulika a Merapi ndi Merbabu, Merapi nthawi zambiri akufuka utsi, kumwera kuli mapiri a Menoreh, pansi ponse migwalangwa ya kokonati ndi minda ya mpunga.

Pali chikhulupiriro chakale choti ukalowetsa mkono pa kabowo nkukhudza chiboliboli mwayi ukutsata. Musayerekeze, analetsa, ndipo alonda amaimba wezulo. Osakhala pa stupa, osatsamira, osakwera kuti chithunzi chikome, osakanda dzina. Kachisiyu wapirira zambiri. Anasiyidwa kwa zaka mazana atakwiririka ndi phulusa ndi tchire mpaka mu 1814 pomwe Thomas Stamford Raffles, amene ankalamulira Java m'malo mwa Britain, anamva za iye nkutuma injiniya wa ku Netherlands, Cornelius, ndi anthu 200 kukalambula. Injiniya wina wa ku Netherlands, Theodoor van Erp, anakonza pamwambapa kuyambira 1907 mpaka 1911, koma madzi amvula anapitiriza kulowa mkati makoma nkumapendekeka, nde m'ma 1970 boma la Indonesia ndi UNESCO anaphwasula nsanja za makona anayi zija mwala umodzi umodzi, oposa 1 miliyoni, kuilemba manambala, kuitsuka, kuika ngalande ndi konkire mkati nkuibwezera, ntchito inatha kumayambiriro kwa m'ma 1980. Mu Januwale 1985 anthu ena anatchera mabomba nkuononga ma stupa 9. Mu 1991 analowa m'ndandanda wa World Heritage, wa malo omwe bungwe la UNESCO limawateteza ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo mu 2010 Merapi ataphulika phulusa linakuta paliponse, anthu anakolopa ndi manja miyezi. Nde mlonda akakuuzani kuti tsikani pamenepo musamuone ngati wovuta.

Zungulirani mizere itatuyo mbali yomwe ija, kachisi kudzanja lamanja. Jambulani, palibe choletsa, koma foni ilowe m'thumba kwa mphindi zingapo. Ndipo musadabwe ana asukulu kapena mabanja akakupemphani kujambulitsa nanu, munthu wakuda kumeneko saoneka kawirikawiri, ambiri amapempha mwaulemu ndipo ena amafuna kuyeserera Chingerezi. Mukafuna vomerani, mukatopa nenani kuti tidak, terima kasih, kutanthauza ayi zikomo, mukumwetulira, amamva.

10. Potsika ndi potuluka

Kutsika nkovuta kuposa kukwera, gwirani chitsulo cha m'mbali, tsikani chammbali ngati maondo amavuta, masandasi aja amaterera pa mwala wonyowa. Amene muli ndi BP kapena shuga imwani madzi, musadzikakamize kuthamanga ndi gulu, uzani gaidi. Mukafika pansi ka tip kwa gaidi wabwino sikokakamiza koma amayamikira.

Ogulitsa malonda akudikirani, ma T-shirt, nsalu za batik, tiziboliboli tamwala, ndipo ena amakakamira ndithu mpaka kukutsatirani. Mtengo oyamba si weniweni, nenererani, yambirani pa theka kapena kutsikirapo, koma mukatchula mtengo wanu iye nkuvomera gulani, kubwerera pamenepo nkumulakwira. Ngati simukufuna osachigwira chinthucho nkomwe. Tiziboliboli tamwala timalemera, kumbukirani makilo a ndege. Njala ikakupwetekani lowani mu warung, timalesitilanti tawo tating'ono, itanitsani nasi goreng yemwe ndi mpunga wokazinga, kapena soto, msuzi wa nkhuku ndi mpunga, chinangwa chokazinga chiliponso amati singkong. Tsabola wawo sambal ndi woyabwa zenizeni, yambani ndi pang'ono. Madzi a pampopi osamwa.

11. Musabwerere musanaone Mendut

Borobudur sali yekha, pali akachisi ena awiri ang'onoang'ono omwe ali naye pa mzere umodzi woongoka, Pawon pafupifupi makilomita 2 ndi Mendut makilomita 3 chakummawa, ndipo akatswiri ena amaganiza kuti akale ankayambira ku Mendut nkumalizira ku Borobudur. Pawon ndi wa mphindi 10. Mendut nde musamuphonye chifukwa iyeyu ali ndi mkati, mumakwera masitepe nkulowa m'chipinda chamdima chonunkhira lubani momwe muli Buddha wamwala wotalika mamita 3 atakhala pampando miyendo ili pansi, ziboliboli zina ziwiri uku ndi uku, zonse zikadali zamphumphu. Muvule nsapato pakhomo, ndipo wina akamapemphera dikirani amalize. M'mbali mwa masitepe muli nthano za nyama, ina ndi ya kamba amene analuma ndodo mbalame ziwiri zikumuulutsa, anthu pansi akumuloza, iye nkutsegula pakamwa kuti ayankhe. Panja pali mtengo waukulu wa kachere wa mizu yolendewera pomwe mungapumire, ndipo pafupi pomwepo pali nyumba ya amonke yomwe alendo amaloledwa kuyendamo mwakachetechete.

Okonda kuona dzuwa likutuluka, funsani za kaphiri ka Punthuk Setumbu, makilomita ochepa kumadzulo, mumanyamuka cha m'ma 4 koloko ndi njinga yamoto nkukwera wapansi mphindi 15 kapena 20, kachisi amaoneka patali mu nkhungu ndi Merapi kumbuyo kwake, kenako mumatsika nkukapeza ola lanu loyambirira lija bwinobwino. Madalaivala ambiri adzakunyengererani kuti tsiku lomwelo akupititseninso ku Prambanan, kachisi wamkulu wa Ahindu yemwe ali kummawa kwa Jogja. Ndi woyenera kumuona, koma kuchoka ku Borobudur ndi ulendo wa ola ndi theka kapena kuposa ndipo mukafika dzuwa lili paliwombo miyendo italema kale, nde ngati masiku alipo mupatseni tsiku lakelake, mupite madzulo cha m'ma 3 koloko kutentha kutachepa.